Wendel ndi Belu la Apongozi Ake

Wendelin Gwerder, amene kwathu timangomuti Wendel, ndi mlimi wa ng'ombe zamkaka kumtunda kwa chigwa chathu, kumene msewu wa phula umathera. M'nyengo yotentha amakwera ndi ng'ombe zake kuphiri nkukhala komweko akupanga tchizi. Chipale chikagwa amatsika, ndipo masana amagwira ntchito pa chingwe chokokera anthu otsetsereka kupita nawo pamwamba. Amaima m'munsi, kumapatsira alendo ndodo yotsamira, nkumawauza kuti asakhalire. Ambiri amakhalirabe nkugwa chagada, iye nkuwadzutsa osaseka. Si munthu wolankhula zambiri, ndipo sanapambanepo mpikisano uliwonse. Chimene amadziwika nacho ndi belu.

Belulo ndi lachitsulo chosula, lopangidwa ngati la ng'ombe, koma palibe ng'ombe imene ingavomere kulivala. Kukula kwake ndi chidebe cha mkaka, kulemeranso ndi chidebe chomwecho chitadzaza. Munthu amalikoleka ndi lamba wachikopa pakhosi, litsamire pantchafu, manja agwire lamba uku ndi uku, ndiye amaliliza ndi maondo, akuguba osachoka pamalo. Linali la apongozi ake, malemu bambo Betschart, ndipo lamulo lake ngakhale ana a sukulu amalidziwa. Mnyamata wa m'chigwa chathu akakhala patsogolo pa mpikisano wotsetsereka pa chipale, belu limalira osaleka mpaka wina amupitirire, ndipo liwiro limene wayamba nalo ndi lomwelo umalize nalo. Ukalitula nthawi isanakwane, walitaya. Mwamuna wina wa m'banjamo amalandira, nkupitiriza pomwepo.

Kale belulo linali m'manja mwa Meinrad, mwana wamwamuna wa nyumbayo, mlongo wake wa Agi, mkazi wa Wendel. Tsiku lina, mwana wa bambo wa kupositi ali patsogolo pa mpikisano wa m'dera lathu, munthu wina anamupatsira Meinrad soseji yowotcha. Iye analikhazika belu pa chipale kuti alandire. Bambo Betschart anangotola lamba nkumuveka mkamwini wawo Wendel, amene anali asanathe ndi chaka chomwe pabanja. Kuyambira pamenepo, pa Khirisimasi iliyonse, Meinrad akamwa tambula yachiwiri amayang'ana belu lija pakhoma la mlamu wake nkunena kuti, “Soseji imodzi yokha, alamu. Ndiponso inali yosapsa.”

Panapita zaka zambiri chigwa chathu chilibe munthu wothamanga woti nkumulizira. Kenako anabwera Silvan Inderbitzin, mwana wa wophika buledi, mnyamata wamiyendo italiitali amene anatengedwa kukalowa m'gulu la dziko lathu pa mpikisano waukulu wokhotakhota pakati pa mbendera zofiira ndi zabuluu, umene akatswiri amazungulira nawo mapiri a maiko kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Mudzi unapenga. Tinasoketsa majekete okhala ndi dzina lake kumsana, tinagwirizana ndi mwini basi, ndipo Wendel anatsitsa belu nkupaka lamba mafuta.

Koma pa mpikisano umenewu munthu amatsika phiri kawiri, ndipo ulendo wachiwiri amaloledwa anthu makumi atatu okha amene achita bwino poyamba. Silvan, pokhala watsopano, ankanyamuka kumapeto, njira itakumbidwa kale ndi anzake. Ku Austria, pa mpikisano wotsegulira, anatsalira kutali. Wa ku Amereka tinaonera pa kanema m'nyumba yodyera ya m'mudzi, Wendel atavala belu pakati pa matebulo, ndipo mnyamatayo anaphonya mbendera mwini nyumbayo asanamalize kuthira mowa. Ku France anagwa nkutsika ndi msana. Ku Italy anaphonya malo omaliza ndi kanthawi kosakwana kuphethira kwa diso, ndipo m'basi pobwerera palibe anaimba. Choncho belu linkangolira pang'ono pamene Silvan akutsika, kenako nkubwerera pakhoma.

Agi ankati zimenezo ndi chifundo cha Mulungu, chifukwa bondo lakumanja la mwamuna wake linali litatha. Dokotala anali atanena kale kuti liyenera kusinthidwa.

“Mupatseni Meinrad belulo, abambo,” anatero usiku wa Chaka Chatsopano usanafike, akumumanga bondo ndi masamba a kabichi. “Mwalinyamula mokwanira.”

“Adzalitenga pa maliro anga.”

“Ndiye mukamatere si kutali.”

“Ngati si kutali adikire,” anatero Wendel.

Mu Januwale mpikisano unafika m'dziko lathu lomwe, pa phiri limene mathero ake ndi otsetsereka ngati denga la tchalitchi. Basi inanyamuka anthu atangomaliza kukama m'mawa. Munali Wendel ndi Agi, Meinrad, makolo a Silvan ndi mabasiketi a buledi, ngakhalenso bambo mfumu wa parishi yathu, amene anasiyira mnzawo Misa. Pansi pa phiri tinapeza anthu zikwi ndi zikwi, mbendera zofiira ponseponse, ndi chikanema chachikulu ngati khoma la khola.

Silvan anatsika ulendo woyamba dzuwa litakwera kale. Sanatsike mokongola. Penapake anakhudza chipale ndi dzanja, penapake thabwa limodzi la kumapazi lotsetserekera linali m'malere, koma atadutsa mzere wa pansi, pa chikanema panatuluka nambala 30. Panatsala anyamata owerengeka pamwamba, ndipo aliyense wa iwo akanatha kumukankhira kunja. Tinaima ngati zipilala. Mmodzi anagwa, wina anachedwa, wina anaphonya mbendera, ndipo wotsiriza atafika mochedwa, mayi ake a Silvan anakhala pansi pa chipale nkuyamba kugawa buledi kwa anthu osawadziwa. Meinrad anaponya chipewa m'mwamba ndipo sichinapezekenso.

Pa nthawi yopuma tinalowa m'chihema kukadya supu ya balere ndi kumwa khofi wothira kachasu wa mapeyala. Ndi pamene Wendel anayamba kuwala nkhope. Ulendo wachiwiri amautembenuza: wa nambala 30 ndiye amayamba, ndipo amene anali woyamba amatsika pomaliza. Ndiye kuti Silvan pofika pansi adzakhala wotsogola, popeza padzakhala palibe wina amene watsika, ndipo adzamukhazika pa mpando wofiira umene wotsogola amadikirirapo kufikira wina amuchotse.

“Mwamva, alamu?” anatero Meinrad, akupukuta supu kundevu. “Lero lamulo la bambo ligwira ntchito. Bondo lili bwanji?”

“Bondo lili pamalo pake.”

“Ine ndingokhala pafupi. Mwina mwake.”

“Khalani kumene kuli soseji,” anatero Wendel. “Mwanayu akhala pampando paja anthu awiri, akachulukitsa atatu. Koma dziko lonse limve kuti kwathu kuli belu.”

Potuluka m'chihema tinamva mphepo yofunda ya kummwera, ija imene kwathu imapweteketsa mitu ndi kusungunula chipale pamadenga. Madzi anali atayamba kudontha pa zingwe. Wendel ndi mlimi, mphepoyo amaidziwa kuposa dzina lake, koma tsikulo maganizo ake anali pa belu.

Kaliziridwe ka belu kalipo kawiri. Pali kodekha, kotsikira nako ng'ombe kuphiri, kamene munthu angayende nako tsiku lathunthu. Palinso kaukwati, kothamanga ngati mtima wa mbalame, kamene kamalira akwati akamatuluka m'tchalitchi, kongokwanira kuchoka pakhomo kukafika pagalimoto. Silvan anatsika pa chipale chosalala chimene munthu anali asanapondepo, anatsika ngati wina akumuthamangitsa ndi foloko ya udzu, ndipo atangodutsa mzere Wendel anakweza bondo nkuyamba kaukwati.

Agi anatembenuka. “Kaukwati, abambo? Ndi maondo amenewo?”

“Ndi kanthawi kochepa, mayi.”

Wotsatira anali mnyamata wa ku Germany. Anafika pansi, nambala zake zinatuluka zofiira, kutanthauza kuti watsalira. Tinakuwa. Wachitatu naye zofiira. Wachinayi anagwera m'maukonde. Wendel ankaguba akumwetulira, belu likugunda moti anthu a kutsogolo anatseka makutu. Silvan anali pa mpando wofiira, pa chikanema, akuseka ngati mwana wopatsidwa galu.

Mphepo ija inali ikugwira ntchito yake. Chipale chinafewa ngati phala, ndipo aliyense wotsika ankasiya mizere yakuya pa khona iliyonse, wotsatira nkukagweramo nkuikumbanso. Amuna amene nkhope zawo timaziona pa mapaketi a chokoleti ankafika pansi akupukusa mitu. Zofiira, zofiira, zofiira. Bambo mfumu anali atakwera pa benchi. Wophika buledi ankangonena kuti “mwana wanga uja, mwana wanga uja” kwa wapolisi amene anaima pafupi, mpaka wapolisiyo anamukumbatira kuti akhale chete.

Atatsika anthu okwana khumi, Wendel anali atasiya kumwetulira. Thukuta linkatsika m'chipewa kudutsa m'makutu. Apo mpikisano unaima kuti a kanema aonetse malonda, ndipo iye anayang'ana mkazi wake ndi maso ofunsa. Agi ndiye mwana wa mwini belu, ndipo nkhani za lamulo amaweruza ndi iye. Anapukusa mutu.

“Malonda sachotsa munthu pampando.”

“Sindinafunse kanthu ine.”

“Maso anu anafunsa.”

Pa nthawi ya malondayo phiri linali zii, kupatula belu limodzi. Munthu wa kamera analitsata ndi khutu mpaka anatipeza, ndipo mwadzidzidzi nkhope ya Wendel inadzaza chikanema chonse, yofiira ngati nyama yofutsa, ndevu zikudontha. Wina wa ife anali atamunong'oneza muulutsi za lamulo lija, ndipo iye analifotokozera khamu lonse. Anthu anaseka, kenako anayamba kuwomba m'manja motsatira belu. Zikwi zonse zija, kaukwati. Silvan pampando paja anaona nkhopeyo, anagwira mutu ndi manja awiri, chifukwa lamulolo naye anakula nalo. Koma kodi akanatani? Sakanadzichotsa yekha.

Kunena zoona, munthu wosangalala kuposa onse pa phirilo sanali Silvan kapena bambo ake. Anali Meinrad. Nambala zofiira zilizonse zinkamukomera pawiri, ngati mwana wa chigwa ndiponso ngati mwini belu wam'tsogolo. Anasowa pang'ono, nkubwera ndi soseji yofuka nthunzi papepala, nkuiyendetsa pansi pa mphuno ya mlamu wake.

“Alamu, iyi ndiye yapsa bwino. Lumaniko. Belu ndikugwirirani.”

“Chokani.”

“Ndikumva bondo likulira kuposa belu.”

“Ndi lanu limenelo.”

“Mayo, alamu, mtundu wa nkhope yanuwu ndinauona pa malemu amalume tsiku lomwe anatisiya.”

“Achimwene, musiyeni munthu apume,” anatero Agi, koma naye ankaluma milomo.

Mpikisano unayambiranso. Anatsika wa ku France, zofiira. Wa ku Amereka, zofiira. Kenako pamwamba panaima mnyamata wa ku Italy wodziwika ndi kulimba mtima, ndipo pakati pa phiri nambala zake zinali zobiriwira, kutanthauza kuti ali patsogolo. Khamu linagwira mpweya. M'kachetechete momwemo Agi anamva mwamuna wake akung'ung'udza motsatira belu.

“Ambuye, mwana wa ku Italy uyu nayenso ali ndi amayi ake. Mumugwire miyendo. Mumuongolere njira.”

“Abambo, mukupempherera ndani?”

“Tonse ndife ana a Mulungu.”

“Mwavala jekete ya dzina la Silvan.”

“Silvan wakhala mokwanira. Akazolowera adzayamba matama.”

Mtaliyana uja analowa m'mathero otsetsereka aja, thabwa linamira m'chipale chofewa, ndipo anafika pansi ndi zofiira. Phiri lonse linaphulika ndi chimwemwe. Wendel anatulutsa mawu amene bambo mfumu ananamizira kuti sanawamve.

Anthu anapitirira kutsika, ndipo zimene Wendel ankaona zinayamba kusokonekera. Mbendera zinkaoneka ziwiriziwiri. Lamba anali atadya khosi. Bondo lakumanja silinkakweranso, moti ankaliza ndi lakumanzere lokha, akudumpha ngati khwangwala wolumala. Pamwamba panatsala anthu asanu ndi atatu, akatswiri okhaokha. Iye anayang'ana mlamu wake, amene anali chiimire pambali ndi manja otambasula.

“Alamu,” anatero ndi mawu otha. “Tengani.”

Meinrad anasuntha. Zala zake zinafika pafupi ndi lamba. Kenako anakweza maso kuyang'ana pamwamba pa phiri, anayang'ana chikanema chimene tsopano chinkaonetsa iwo awiri, anamvetsera manja a khamu lija akuwomba mothamanga. Meinrad ndi wamkulu kwa Wendel, ndipo msana wake uli ndi zitsulo zimene anamuika atagwa padenga. Wolandira amapitiriza pa liwiro lomwelo. Kutula belu kamodzi pamaso pa bambo ako ndi nkhani ya pa Khirisimasi. Kulitula kachiwiri pamaso pa dziko lonse ndi nkhani ya pamanda. Anabweza manja nkuwalowetsa m'thumba.

“Lero ayi, alamu.”

“Mwalidikira zaka zonsezi.”

“Ndidikirabe. Sindikuthamangira kulikonse.”

“Tengani, ndikufa.”

“Ndani anakuuzani kuti muyambe kaukwati? Ukwati wanuwo muumalize nokha.”

Apo miyendo ya Wendel inapinda. Belu linatsika kulunjika pa chipale, ndipo kulira kwake kunayamba kuzilala. Meinrad sanaganize. Anadumphira kumbuyo kwa mlamu wake, anamugwira lamba wa buluku ndi manja awiri, anamunyamula, nkuyamba kumugwedeza m'mwamba ndi pansi. Belu linalira. Wophika buledi anathamanga nkugwira kukhwapa kwina.

“Kodi zimenezi nzololedwa?” anafunsa wophika bulediyo akupuma movutikira.

Onse anayang'ana Agi. Iye anaganiza kaye, monga ankachitira bambo ake.

“Lamba ali pakhosi pa ndani?”

“Pa Wendel.”

“Belu likulira?”

“Likulira.”

“Bambo sananenepo za amene akugwedeza munthuyo. Gwedezani.”

Ndiye tinamugwedeza. Awiri akatopa ankalowa ena awiri, osaphonya liwiro. Woyendetsa basi analowa, mphunzitsi wamkulu analowa, bambo mfumu anatsika pa benchi nkupinda manja a malaya. Wendel anali pakati, mapazi akungokhudza pansi mwa apo ndi apo, manja atakakamira pa lamba, mutu ukuvomera zinthu zimene palibe anamufunsa. Pa chikanema dziko lonse linaona amuna a m'chigwa chathu akuliza mlimi, mlimi akuliza belu. Muulutsi analephera kulankhula chifukwa cha kuseka. Silvan anali atagwada kutsogolo kwa mpando wake, misozi ili mbwee, osadziwika ngati ndi ya mpikisano kapena ya zimene ankaonazo.

“Alamu, mumadya chiyani kodi?” anatero Meinrad pa ulendo wake wachiwiri wogwedeza. “Ng'ombe yanga yaikulu ndi yopepuka.”

“Gwedezani bwino, mukuchedwetsa,” anayankha Wendel.

Anatsika asanu, onse zofiira. Panatsala atatu. Woyamba wa iwo anali mnyamata wa ku Norway, wamtali ngati mlongoti, amene m'malo molimbana ndi mizere ija anangolowa m'menemo nkuitsata ngati sitima panjanji. Pakati pa phiri zobiriwira. M'mathero muja zobiriwirabe. Atadutsa mzere, khamu lonse linausa moyo pamodzi, manja analeka kuwomba, ndipo ife tinamukhazika Wendel pansi. Belu linagunda komaliza nkukhala chete. M'bata limenelo munamveka mawu amodzi okha, a munthu wovala jekete ya dzina la Silvan.

“Mulungu akudalitse, mwana wa ku Norway. Akudalitse iwe ndi ng'ombe za bambo ako.”

Zotsalazo Wendel anazimva ali chagada pa chipale, belu lili pamimba, Agi akumupepesera mphepo ndi chipewa. Wotsatira anapitiriranso Silvan. Wotsiriza, amene anali woyamba m'mawa uja, anakodwa m'mizere ija nkutsalira kutali. Silvan anamaliza wachitatu, pa ulendo wake woyamba kulowa m'gulu la makumi atatu. Mayi ake anali atatha buledi, ndiye anayamba kugawa mabasiketi.

Atalandira mphoto yake, mnyamatayo anadutsa pakati pa atolankhani nkubwera kumpanda kumene tinaima. Anamupeza Wendel atakhala tsonga, atatsamira miyendo ya mkazi wake.

“Pepani, a Gwerder,” anatero. “Sindinadziwe kuti ndikhalitsa chonchija.”

Wendel anakweza mutu. “Unatsika bwinoko,” anatero. “Koma dzanja lija usamaligwetse pa khona yakumanzere.”

Dzuwa likupendeka tinayamba ulendo wopita kumene basi inaima, kamtunda ndithu, kokwera. Wendel anaimirira mothandizidwa, anavula magolovesi nkuwatsindira m'kati mwa belu kuti lisalire. Lamba sanamuchotse. Meinrad ankayenda pambali pake, naye atapindika msana.

“Alamu, mpikisano watha, lamulo lagona. Bweretsani ndikunyamulireni mpaka pabasi.”

“Manja anu akhale m'thumba momwe munawaika muja.”

“Pajatu munandipatsa nokha. Anthu anamva.”

“Anamvanso yankho lanu.”

“Koma theka la kulirako linali langa.”

“Inu munaliza ine. Belu ndinaliza ndine.”

Agi sanalowerere. Anangoyenda patsogolo, mapewa akugwedezeka. Pofika pabasi, Wendel anaima pakhomo nkuyang'ana sitepe yoyamba. Anauza bondo lakumanja kuti likwere, linakana. Anauza lakumanzere, nalonso linakana. Anaima choncho kanthawi, anthu ali pamzere kumbuyo kwake. Kenako, osatembenuka, anati, “Alamu, lamba wa buluku uja mukudziwa kale pogwira.”

Meinrad anagwira kumbuyo, wophika buledi kukhwapa, bambo mfumu miyendo, ndipo anamulowetsa m'basi chopingasa, munthu ndi belu lake pamodzi, nkumukhazika pa mpando wakutsogolo.